Mitu Itatu ya Bambo Kamtedza

Sajenti Tisunge Mlauzi anampeza Abdullah atakhala pakona m'chitolokosi, dzanja lake lamanja ataligoneka pamwendo ngati mwana wodwala. Zala ziwiri zinali zitatupa moti sizinkapindika. Achitetezo a m'dera ndi amene anabwera naye dzulo lake, atamulanditsa kwa anthu omwe ankamumenya pamsika wa ku Area 23.

"Chikwama chija munachitenga kuti, bambo?" anafunsa Tisunge.

"Kudzala, mayi, kuseri kwa chigayo." Abdullah ankayankhula modekha, ndipo Chichewa chake chinkamveka kuti n'cha ku Mangochi. "Ine ntchito yanga n'kukhoma ndowa ndi mbaula. Kudzala kuja ndimadutsako kufuna malata otha. Chikwamacho ndinachizindikira kuti n'cha aphunzitsi, pakuti chogwirira chake ndinakonza ndine. Ndinati ndikawapatse. Iwo atandiona nacho pamsika anangoti, chikwama changa icho. Zotsatira zake ndi izi."

"M'katimo munali chiyani?"

"Mphepo yokha."

"Anthu akuti loko wa pachitseko chawo munaika ndinu."

"Ndinaikadi. Makiyi onse awiri ndinapereka kwa eni ake." Anayang'ana dzanja lija. "Ine Chizungu sindiwerenga, mayi. Mapepala ndikanatani nawo?"

Tisunge anali asanagwirepo mlandu ngati umenewu. Sipanabedwe foni, njinga kapena katundu wogulitsika. Chimene chinasowa linali buku lolembedwa pamanja, losasindikizidwa, ndipo kope lake linali limodzi lomwelo. Bwana wake anali atamuuza kuti wakuba wapezeka kale ndi chikwama m'manja, asataye nthawi. Koma Tisunge sanamvepo za wakuba amene amanyamula chikwama chobedwa n'kumadutsa nacho pakati pa msika, kulowera kwa mwini wake.

* * *

Bambo Enerst Kamtedza ankachita lendi chipinda chakumapeto pa mdadada wa zipinda zinayi. Anali mphunzitsi wa Chingerezi wopuma pantchito, wamtali, wowonda, ndipo anamulandira Tisunge atavala taye ngakhale kunja kunkatentha. Pabedi panali sutikesi yolongedza kale. Mpando unali umodzi. Anaupereka kwa mlendo, iwo n'kukhala pambali pa sutikesiyo.

"Ndinayamba kulilemba chaka chimene mayi a kunyumba anatisiya," anatero. "Usaone ngati ndi mapepala chabe, mwanawe. Pepani, ndinene kuti Sajenti."

"Linasowa liti?"

"Lachiwiri. M'mawa ndinapita m'tauni kukatenga tikiti ya basi. Pobwera masana ndinatsegula, n'kupeza pansi pa tebulo palibe kanthu."

"Munatsegula ndi kiyi?"

"Ndi kiyi."

"Ndiye kuti loko munampeza wotseka?"

"Wotseka bwinobwino."

Tisunge anayang'ana m'chipindamo. Patebulo panali wailesi ya mabatire, pasipoti yatsopano ndi wotchi yapamkono. Zenera linali ndi zitsulo zosapindika pena paliponse.

"Izi zinali pomwepa tsiku limenelo?"

"Pomwepo."

"Kiyi winayo amakhala kuti?"

"Pansi pa chitini cha maluwa panjapo. Chaka chatha ndinadwala kwambiri, osatha kudzuka. Favour, wa chipinda chachiwirichi, ndi amene ankatsegula n'kundibweretsera phala. Chichokere nthawi imeneyo kiyi amangokhala pamenepo."

"Tikitiyo ndi ya kuti?"

Nkhope ya Bambo Kamtedza inawala pang'ono. "Ku Joni. Buku langa analilandira kumeneko, kukampani yaikulu yosindikiza mabuku."

"Anakulemberani?"

"Anauza Favour. Iye anakhalako kumeneko, njira zake amazidziwa. Ndi amene analitumiza pafoni, ndipo ndi amene amayankhula nawo."

"Ngati analilandira kale, inu mukupitiranji?"

Mkuluyo anakonza taye yake ngati akufuna kuyamba phunziro. "Ine si mlendo pa zimenezi. Kalekale ndinatulutsapo kabuku ka galamala. Ndinakwera basi kupita ku Blantyre, mapepala ali pamiyendo panga. Mkonzi ndinamuona ndi maso angawa, anandipatsa tiyi. Atakhala chete kwa nthawi, ndinapitanso. Ndinakhala pabenchi kunja kwa ofesi yake mpaka anachita manyazi. Buku limatuluka choncho. Tsono awa a ku Joni anati alikonda, koma mvula yagwa, yasiya, palibe chikuchitika. Munthu akakhala chete ndiye kuti waiwala. Umanyamuka n'kukamukumbutsa."

"Favour anati chiyani za ulendowu?"

"Anakaniza. Akuti kumeneko salandira anthu pakhomo. Ana a masiku ano amaopa maofesi." Anasisita sutikesi ija. "Ndinagulitsa makina osokera a malemu kuti ndipeze yoyendera. Basi ikunyamuka Loweruka. Tsono ndikafika chimanjamanja, ndikanena kuti ndadzatani?"

"Muli ndi ana?"

"Mmodzi, ali ku Mzuzu. Amaimba foni pa Khirisimasi."

Tisunge potuluka ananyamula chitini cha maluwa chija. Kiyi anali pomwepo, atagonekedwa bwinobwino pakati pa bwalo la dzimbiri limene chitinicho chinasiya pasimenti.

* * *

Favour Chadza anali wa zaka za m'ma sate, wogulitsa kaunjika pamsika. Tisunge anampeza akusita masiketi pamphasa, belo lotsegula lili pakona. Anaika ayironi pansi, napereka moni mwaulemu, koma maso ake sanakhazikike pa mlendoyo.

"Lachiwiri m'mawa munali kuti?"

"Kukiyosiki, kotunga madzi. Mzere unali wautali. Nditabwera ndinapita kumsika."

"Simunaone munthu pachitseko cha aphunzitsi?"

"Ayi."

"Ku Joni munkagwira ntchito yanji?"

"Yokolopa m'maofesi. Ndinapita ndi abambo akunyumba. Iwo anatsala konko ndi wina." Ananena zimenezi ngati akunena mtengo wa siketi.

"Ndionetseni zimene akampani aja anakulemberani."

"Zinali mufoni yakale. Inabedwa mu minibasi."

"Nambala yawo?"

"Amaimba okha. Nambala sioneka."

"Buku lolemba pamanja simungalitumize pafoni. Analitayipa ndani?"

Favour anatenganso ayironi ija, ngakhale makala ake anali atazima. "Zaki, wa kontena ya zosindikiza pafupi ndi siteji."

Tisunge atafika pageti, mwini nyumbazo, Mayi Nankhoma, anamuimitsa ali pakhonde pafupi ndi getilo. Anali mayi wonenepa, wamawu aakulu, amene sankadikira kufunsidwa.

"Inu apolisi, mumutulutse Abdullah uja. Munthu ameneuja anandikonzera denga osafuna kanthu. Pano ine ndimakhala pakhonde tsiku lonse, miyendo yangayi siyenda. Mlendo aliyense ndimamuona. Lachiwiri sipanalowe mlendo pano. Anatuluka aphunzitsi, anatuluka aja a chipinda choyamba kupita kuntchito, kenako Favour ndi ndowa yake yovundikira. Ine mpaka ndinamuseka."

"Munamusekeranji?"

"Nanga ndowa ya chiyani? Madzi anasiya Lolemba, dera lonse lino. Kukiyosiki kunali kotseka mpaka dzulo madzulo. Ndinamuuza kuti, iwe, ukukatunga fumbi? Anangopitirira. Anabwera nayo yopanda kanthu."

Tisunge anatembenuka n'kuyang'ana chitseko cha chipinda chachiwiri. Nsalu ya pazenera inagwedezeka, kenako inaima.

* * *

Bodza anali atalipeza, koma chifukwa chake chinali chisanaoneke. Mkazi wa kaunjika angabe buku kuti alitani? Akanafuna kulitumiza kunja m'dzina lake, akanatero kalekale, pakuti njira yonse inali m'manja mwake.

Zaki anali bambo wandevu zometa bwino, wokonda kuyankhula uku zala zikuthamanga pakompyuta. M'kontena yake munkanunkha inki ndi utsi wa jenereta.

"Madala aja? Eee, ndimawadziwa, madamu. Buku lawo ndi chimtolo, ukaliika pasikelo ungaganize kuti ndi ufa. Handiraitingi yabwino heve, ya aphunzitsi akale."

"Munalitayipa lonse?"

"Lonse liti? Ine ndinatayipa mitu itatu yoyambirira basi, ndi tsamba limodzi lofotokoza nkhani yonse mwachidule. Sisi Favour ndi amene anabwera nazo. Anati akunja amafuna choncho. Tinatumizira pompano, pa imelo yawo."

"Kampani imodzi?"

"Zingapo. Ankawerenga pafoni, kusaka maadiresi, ine n'kumatumiza. Zina za ku Joni, ina ya ku Kenya, ina sindikukumbuka."

"Mitu inayo?"

"Ndinawafunsa, sisi, zotsalazo tipanga liti, pajatu ndi ntchito yoti ndingadyepo mwezi wathunthu. Anati akaitanitsa ndibwera nazo. Kwa kanthawi ankabwera pafupipafupi kudzaona imelo, foni yawo ikakhala yopanda bando. Amatsegula, amayang'ana, amatseka, n'kumapita. Kenako anasiya kubwera."

"Munaonapo yankho?"

Zaki anasiya kutayipa. "Madamu, ine sindiwerenga za makasitomala. Koma nkhope ndimaziona. Munthu amene walandira yankho sanyamuka pampando mmene ankanyamukira aja."

* * *

Mawa lake Tisunge anakwera minibasi kupita m'tauni. Anakhala kumbuyo, pakati pa thumba la makala ndi mayi wina amene ankauza mnzake pafoni zimene aphike madzulo. Foni ya Tisunge inali m'thumba, chete monga mwa masiku onse. Chisamukire ku Lilongwe, atasiyana ndi mwamuna wake, ankadya ataimirira m'khitchini ya kanyumba kake ku Kawale, wailesi ikuyankhula yokha kuchipinda. Anazindikira kuti mpando umodzi uja wa kwa Bambo Kamtedza sunamudabwitse ngakhale pang'ono.

Anapeza kampani ina yaing'ono yosindikiza mabuku pamwamba pa sitolo ya nsalu. Mkonzi wake, Bambo Peterson Dzoole, anali atazunguliridwa ndi mitolo ya mapepala yomangidwa ndi zingwe za sisalo, ina itachita chikasu. Anali munthu woseka ndi mphuno, wotopa ndi ntchito yake koma woikonda.

"Mwabwera kudzandimanga chifukwa cha awa?" anatero akuloza mitoloyo. "Eni ake ena anamwalira akudikira."

"Ndikufuna kudziwa mmene munthu amaperekera buku."

"Kuti? Pajatu dziko lililonse lili ndi mwambo wake, ngati ukwati. Kuno munthu amabwera yekha, buku lonse lili kukhwapa. Timapatsana moni, amandiuza kwawo, ine n'kupeza kuti malume ake tinaphunzira limodzi. Ndimalandira. Ndikaona kuti si buku la sukulu, mtima umagwa, chifukwa nthano sizigulidwa, koma sindimuuza tsiku lomwelo. Amabwera mwezi ndi mwezi kudzafunsa. Nthawi zina kubwerabwerako n'kumene kumatulutsa buku."

"Nanga kunja?"

"Ku Mangalande ndi ku Amereka makampani akuluakulu simuwalembera n'komwe. Mumayamba mwapeza ajenti, munthu wokuyankhulirani, ngati ankhoswe. Popanda iyeyo mapepala anu safika patebulo la mkonzi. Ku Joni ankhoswe safunika kwenikweni, koma makampani ambiri ali ndi nyengo yawo yolandirira, ndipo zonse zimayenda pakompyuta. Kawirikawiri amafuna mitu itatu yoyamba ndi chidule cha nkhani."

"Akaikonda mituyo amatani?"

"Amaitanitsa buku lonse. Palibe mkonzi amene angavomere buku asanalione mathero ake."

"Ndiye ngati mitu inayo sinatayipidwe n'komwe?"

Bambo Dzoole anavula magalasi. "Ndiye kuti palibe amene anaiitanitsa."

"Sakanalemba kuti akana?"

"Ena amalemba mzere umodzi. Ambiri amachenjezeratu kuti miyezi ingapo ikadutsa osamva kanthu, mudziwe kuti sizinatheke. Apa ndi pamene anthu athu amapwetekera. Kuno mkonzi akakhala chete ndiye kuti dikirani. Kumeneko akakhala chete ndiye kuti ayi."

"Munthu atanyamula buku lake n'kupita yekha kukagogoda?"

"Akathera kwa mlonda wa pageti. Akachita mwayi, wina wa palisepushoni akamulembera adiresi ya pa intaneti pakapepala." Anamuyang'ana Tisunge mosaseka tsopano. "Alipo amene akufuna kupita?"

"Mawa m'mawa," anatero Tisunge, akunyamuka.

* * *

Favour sanapite kumsika tsiku limenelo. Tisunge anampeza atakhala pamphasa pomwe paja, manja ali pamiyendo, ngati munthu wodikira basi.

"Kukiyosiki kunali kotseka Lachiwiri," anatero Tisunge atakhala pansi. "Zaki anatayipa mitu itatu yokha. Palibe kampani imene inaitanitsa inayo. Ndipo wakuba wachilendo satsekanso chitseko cha munthu amene wamubera."

Favour anayang'ana belo lija pakona. Kenako anati, "Wailesi yawo inali patebulo. Ndikanasiya potsegula akanaiba."

Anakwawira pakona, nachotsa masiketi ndi mabulauzi a pamwamba pa belo. Pansi pake panali mtolo wokulungidwa m'mapepala apulasitiki awiri, womangidwa ndi lamba wa diresi. Anauika patsogolo pa Tisunge ndi manja awiri.

"Silinanyowe. Palibe tsamba losowa."

"Chikwama munatayiranji?"

"Kuti aziganiza kuti ndi akuba a kunja. Ndinachiika mundowa."

"Ndiuzeni kuyambira pachiyambi."

"Ndinatumizadi, Sajenti. Zimenezo sindinaname. Ndinawerenga malamulo a kampani iliyonse, ndinachita zonse mmene ankafunira. Palibe anayankha. Ine ndinkadziwa tanthauzo lake, pakuti analemba poyera. Koma iwo m'mawa uliwonse ankagogoda, Favour, ayankha? Kenako anadwala. Anasiya kudya. Phala ndinkabwerera nalo mmene ndapitira nalo. Tsiku lina anandifunsanso, mawu osamveka n'komwe, ine ndinangoti, ayankha, akuti alikonda." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Anamaliza mbale yonse tsiku limenelo."

"Atachira bwanji simunawauze?"

"Ndinkati mawa. Iwo anauza kutchalitchi, anauza pamsika, anaimbira mwana wawo. Ndikanayambira pati?" Anayang'ana mbali imene kunali chipinda cha mkuluyo. "Madzulo aliwonse ndikaweruka ankatulutsa mpando pakhonde, ine n'kukhala pasitepe, iwo n'kumandiwerengera. Akamaliza tsamba ankaima n'kufunsa, Favour, apa ukuona bwanji? Chibwerere ku Joni palibe munthu wina amene anandifunsapo mmene ndikuonera chinthu. Abale anga ku Dedza amangofunsa chimene ndinabwera nacho."

"Ndiye anagula tikiti."

"Ndinawaletsa m'njira zonse. Ndinati dikirani aitane okha. Ndinati kumeneko n'koopsa. Sanamve. Ine mzinda umene uja ndimaudziwa, Sajenti. Ndinkawaona m'maganizo ataima pageti ndi taye yawo, mlonda akuwathamangitsa, alibe kogona. Ndinaganiza kuti buku likasowa sapita. Basi ikachoka, ndikanalisiya pakhomo pawo."

"Abdullah akumenyedwa munali kuti?"

Apa Favour anaweramitsa mutu mpaka chibwano chinagunda pachifuwa.

"Pabenchi yanga. Panali pafupi ngati apa ndi pageti. Ndinaona zonse. Wina atatola chitsulo ndinaimirira kuti ndinene." Mawu ake anachepa. "Ndinaona aphunzitsi ataima pomwepo. Ndinakhalanso pansi."

Tisunge ananyamula mtolo uja. Unali wolemera kuposa mmene ankaganizira.

"Valani nsapato, tipite."

* * *

Abdullah anatulutsidwa madzulo omwewo. Tisunge anamuperekeza kuchipatala, komwe adokotala anamuuza kuti chala chimodzi chathyoka ndipo hamala sayigwira kwa nthawi yaitali. Bambo Kamtedza anabwera n'kumupeza pakhomo la chipatalacho, atavula chipewa.

"Achimwene, ndinalakwa. Ndinayankhula ndisanafunse."

Abdullah anawayang'ana. "Mukanangondiitana dzina, aphunzitsi. Mumalidziwa." Anatembenukira kwa Tisunge. "Zida zanga ndisiya kwa Shehe wa kumzikiti kwathu. Ndikupita kwathu kaye, kuno ndilibe wondiphikira."

Anatsika masitepe, dzanja lomangidwa bandeji atalikweza pachifuwa, osatembenuka.

Kupolisi, Tisunge anaika mtolo uja patebulo n'kumasula lamba. Bambo Kamtedza anaona tsamba loyamba, anaona lomaliza, kenako anaika dzanja pamwamba pake n'kulisiya pomwepo. Tisunge anawafotokozera zonse, osachotsapo kanthu: amene anatenga, chifukwa chake, mitu itatu ija, ndi zimene mkonzi wa m'tauni ananena. Mkuluyo anamvetsera ngati mmene ankamverera ana asukulu, mutu utapendekeka.

"Tsono a ku Joniwo anati cholakwika n'chiyani?" anafunsa pamapeto pake.

"Sananene kanthu, bambo."

"Ndiye kuti sanakane."

"Kumeneko akapanda kuyankha ndiye kukana kwake."

"Akana chiyani? Mitu itatu?" Anagwedeza mutu. "Mitu itatu yoyambayo ndi moni chabe. Nkhani yeniyeni imayamba mutu wachisanu, pamene mnyamata uja akubwerera kumudzi. Munthu sangakane chinthu chimene sanachione."

"Sakakulolani kulowa."

"Ku Blantyre nakonso mlonda anayamba wandikaniza."

"Uko kunali kuno, bambo. Kumeneko mulibe wachibale, mulibe wokudziwani. Tikitiyo mwina angakubwezereni ina mwa ndalama zake. Bambo Dzoole a m'tauni akhoza kuliona bukuli."

"N'kuliika pamulu." Anayamba kumanganso lamba uja, mosamala, mfundo ziwiri. "Ndikakhala, ndizikhala pakhonde paja n'kumayang'ana chiyani? Anthu onse a ku Area 23 akudziwa kuti ndikupita."

"Nanga za Favour mukuti bwanji? Mukhoza kuthetsa dandaulo lanu."

Bambo Kamtedza anaimirira, mtolo uli m'manja.

"Dzanja limene lathyoka si langa, Sajenti. Ine ndilibe choti ndikhululukire m'malo mwa mwini wake."

Tisunge anafufuza m'mutu mwake lamulo lililonse limene likanamulola kuletsa munthu wamkulu, wa nzeru zake, wa pasipoti yake, kukwera basi. Sanalipeze.

* * *

Loweruka silinali tsiku lake la ntchito, koma anapita kudepoti. Anthu ankatsanzikana m'magulumagulu, ena akupemphera atagwirana manja, ena akukangana ndi kondakitala za matumba a ufa ndi nsomba zouma. Bambo Kamtedza anali okha pamzere. Tisunge anawapatsa nambala yake ya foni ndi dzina la mpingo wina wa Amalawi umene mnzake wa kuntchito anamuuza. Analandira mwaulemu, n'kuika m'thumba la malaya osawerenga.

"Mwachita bwino kubwera," anatero. "Mukanakhala mwana wa m'kalasi mwanga, bwenzi mukukhala kutsogolo."

Anakwera. Tisunge anawaona kudzera pazenera akukana kuti kondakitala aike chikwama chija pamwamba. Basi itayamba kuyenda sanayang'ane kunja.

Kuchokera kudepoti Tisunge anapita kupolisi. Favour anali akadali m'chitolokosi cha amayi, kudikira khoti Lolemba. Kutuluka pa belo kunali kotheka, koma panalibe amene anabwera kudzamuimira. Atamva makiyi anaimirira n'kugwira zitsulo.

"Apita?"

"Apita."

Favour anagwedeza mutu. "Ananenapo chilichonse za ine?"

Tisunge anamuyang'ana. Yankho lofewa linali pafupi, pamlomo penipeni, ndipo palibe amene akanadziwa.

"Ayi," anatero.

Favour anasiya zitsulo zija n'kukhala pansi, msana utatsamira khoma. Tisunge atatembenuka kuti azipita, anamva akuyankhula kumbuyo kwake, motsitsa.

"Kumalire kumazizira kwambiri. Basi imaima panja nthawi yaitali. Jekete lawo lokhuthala lija anatenga?"

Tisunge anayesa kukumbukira. Anakumbukira taye, chipewa, ndi manja awiri atagwira chikwama pamiyendo.

"Sindinaone," anatero.